Chingwe chimene anandimanga pa kakolo

Moni abale ndi alongo, moni azimayi anzanga. Mawu akamanjenjemera mundipirire, sindinazolowere kuima kutsogolo.

Ndine make Dalitso, ndili ku chitengwa ku Zemba. Nditangobereka, phazi lamanzere linayamba kutentha. Kutentha ngati ndaponda makala, zala dzanzi.

Apongozi anati ndaponda mankhwala panjira. Ananditengera kwa bambo wina amene amati amaona zobisika. Kuona chiyani? Phazilo sanalipime n'komwe. Ananditema mphini, n'kundimanga chingwe pa kakolo, akuti chikamathina ndiye kuti chikugwira ntchito. Ndikalira, apongozi ankachikokanso kuti chithine bwino. Ati amenewo mankhwala, abale.

Tsiku lina ndikuchokera kokumba mtedza, Dalitso ali kumsana, phazi linangofa. Ndinagwa. Mwana sanavulale, koma apongozi anamumasula kumsana kwanga anthu akuona.

"Azigona kwanga. Iwe udzatiphera."

Amuna anga maso pansi. Ena munaseka, ndinakuonani, ndipo muli muno. Apongozi ankandibweretsera mwana pa nthawi yoyamwa basi, ngati ndine mbuzi yobwereka.

Tsiku la sikelo apongozi anabereka mwana, ine ndikutsimphina m'mbuyo. Anesi anandiona, n'kundiitana. Anadula chingwe chija, n'kugogoda kumbuyo kwa fupa la kakolo. Ndinalumpha, ululu unafika kuzala. Anati pamenepo pamadutsa mtsempha pamalo opanikizika. Kutupa kwa nthawi ya mimba kunaufinya, chingwe n'kudzawonjezera. Anandipatsa mapilitsi ochepetsa kutupa. Anati ndizipumitsa phazi m'mwamba, ndiziliwongola pang'onopang'ono, ndisiye mapatapata ndivale nsapato zogwira phazi, zikakanika anditumiza ku chipatala cha ku boma. Apongozi anangoti khosi gwa, ati anesi ake ndi mwana wadzulo.

Mvula isanagwe ndinali nditayamba kuyenda bwino. Nditafunsa za mwana, apongozi anati ndisenze kaye chidebe kuchokera ku mjigo, aone ngati sindigwa. Ndinasenza osagwa. Ndinachitula pakhomo pawo, ndinalowa, ndinanyamula mwana wanga. Sindinapemphe.

Phazi limatenthabe masiku ena. Ndimakhala pansi, ndimalikweza pa mpando, onena ulesi azinena. Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula maso a anesi aja. Dalitso ndi uyu, wagona pamsana panga. Amen.