Ekiselo Yotchipa Yomwe Inavulaza Kasitomala Wanga

Moni abale ndi alongo nonse amene mumatsatira tsamba lino, a kuno ku Canada ndi a kumudzi omwe. Ndine Dalitso, ndimakhala ku Oshawa, kum'mawa kwa Toronto. Lero ndikufuna kuchitira umboni za momwe ndinangotsala pang'ono kuphetsa munthu chifukwa cha chitsulo chomwe ndinasankha molakwika, ndi momwe Mulungu anandidzutsira.

Fakitale ya mipando ya galimoto yomwe ndinkagwirako itachepetsa antchito, ine ndinali m'gulu la ochotsedwa. Popeza kumudzi ndinaphunzira umakaniko wa njinga zamoto, ndinatsegula galaja kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi. Ndinayamba kukonza makwadi, njinga zamoto za matayala anayi zomwe anthu kuno amathamangitsa m'nkhalango ndi pamipikisano. Mkazi wanga Ethel ndi namwino, ndipo malipiro ake ndiwo ankatisunga pomwe ine ndinkasaka makasitomala.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa konkuno, dzina lake Kristen, amene amachita mipikisano ya m'nkhalango. Ekiselo ya kwadi yake inali itapindika. Ekiselo ndi chitsulo chachitali chomwe chimagwira matayala onse awiri akumbuyo, ndipo tcheni ndi mabuleki zimadalira chomwecho. Iye sanafune yofanana ndi ya kufakitale, anafuna yolimba kuposa pamenepo. Anandiuza kuti ndimusankhire ine, poti ndine makaniko.

Ndinalowa pa intaneti n'kupeza zambirimbiri. Ndinasankha ina yonyezimira bwino pachithunzi, yotalika ndi mainchesi anayi kuposa yakale, komanso yotchipa kwambiri. Mumtima ndinkati akaona mtengo wotsika adzabweretsa anzake. Sindinafunse kuti ndi yachitsulo chanji, sindinafunsenso kuti anaipanga ndani. Poika, ndinaona kuti habu, pomwe pamamangidwa tayala, ikulowa mopepuka kwambiri pa mano a kumapeto kwa ekiselo ndipo ikugwedera pang'ono. Ndinaona ndithu, sindinganame. Ndinangolimbitsa nati ndi mphamvu zanga zonse, n'kumubisira Kristen zomwe ndinaonazo.

Patatha masabata atatu, Loweruka masana, mwamuna wake anandiimbira foni. Anati ekiselo yathyoka kwadi ikutera kuchokera podumpha, tayala lauluka, ndipo Kristen ali kuchipatala, wathyoka nthiti ndi fupa la paphewa.

Anthu a makwadi amadziwana onse, ndiye nkhani inafala msanga. Amene anasiya makwadi awo kwa ine anabwera kudzawatenga osakonzedwa. Ndinatseka galaja. Ndinkangokhala m'nyumba, kutchalitchi ndinasiya kupita chifukwa cha manyazi, ndipo ndikagwada mawu sankatuluka. Ethel anandipirira masiku angapo, kenako anati, “Bambo a Chisomo, kubisala kumeneku sikuchiza munthu. Pitani mukamuuze mayi uja zomwe munaona.”

Ndinapita kuchipatala n'kufotokoza zonse, ngakhale za habu yogwedera ija. Kristen anangotembenukira kukhoma. Mwamuna wake ananditsatira mpaka poimika galimoto, anandipatsa chidutswa cha ekiselo m'jumbo, n'kundiuza kuti ndisadzabwerenso. Ndili m'galimoto ndi pomwe ndinapemphera koyamba. Ndinati, Ambuye, mayiyu mumuchize, ndipo ngati ntchito iyi ndi yanga ndiphunzitseni, ngati si yanga nditsekereni khomo.

Mwezi wotsatira tinapita ku North York kukapepesa maliro a Mmalawi mnzathu. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wachikulire, a Saidi, Msilamu wa ku Mangochi, yemwe wagwira ntchito yosema zitsulo pamakina kwa zaka zambiri. Anandifunsa ntchito yanga, ndipo sindikudziwa chifukwa chake ndinawauza zonse. Chidutswa chija chinali chikadali m'buti ya galimoto, ndipo anati ndikawaonetse.

Anachitembenuza padzuwa, n'kukanda pothyoka paja ndi chikhadabo. “Mphwanga, taonani apa. Mkati muli mibulu ikuluikulu ngati shuga. Chitsulo ichi sanachiwotche bwino, kunja kokha ndiko kokongola. Nanga mano awa munawayeza?”

“Ayi, bambo.”

“Nanga mayiyo munamufunsa komwe amathamangira?”

“Ndinkadziwa kuti ndi m'nkhalango.”

“Ndiye yaitali chonchi ya chiyani? Pakati pa mitengo adutsa bwanji?”

Sanandinyoze, komanso sanandisisite. Anangoti ndizibwera kwawo Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi, zomwe zinandikakamiza kuyambiranso kupemphera ndi anzanga. Ndinkakwera sitima kupita kwawo. Anandiphunzitsa kuyeza mano ndi chipangizo choyezera m'malo mongoyang'ana ndi maso. Anati ekiselo siisankhidwa payokha: kutalika kwake kugwirizane ndi matayala akutsogolo komanso malo omwe mwini wake amayendako. Anati ndiziimbira opanga ake kufunsa mtundu wa chitsulo ndi chitsimikizo chawo ikathyoka, ndipo wogulitsa amene alibe nambala ya foni ndimuthawe. Mabeyaring'i akale, tizitsulo tomwe ekiselo imazunguliramo, asabwererenso pa ekiselo yatsopano, ndipo nati ili ndi muyeso wake womangira, si nkhani ya minofu. Sanalandire kalikonse kwa ine. Ankati nawonso anaphunzitsidwa ndi munthu.

Nyengo yonse yozizira ndinkagwira maganyu okolopa chipale chofewa m'makomo mwa anthu. Chipalecho chitasungunuka, m'mawa wina galimoto yokoka ngolo inaima pakhomo pathu. Anali Kristen, kwadi ija ili pangolo, tayala limodzi palibe. Ndinaganiza kuti wabwera ndi za kukhoti. Iye anati, “Ndinakwiya nanu kwambiri. Koma munabwera nokha kudzanena zomwe mukanatha kubisa. Ikonzeni, koma ulendo uno chilichonse mundionetse.”

Tinakhala pansi limodzi. Ndinamufunsa za njira zomwe amadutsa, ndinayeza kutsogolo kwa kwadi, ndipo tinasankha ekiselo yotha kusinthidwa kutalika kwake, yomwe tinaisiya pafupi ndi muyeso wakale. Inali yodula, ndipo ndinamuuza chifukwa chake. Itafika, habu inalowa mothina, osagwedera ngakhale pang'ono. A Saidi anabwera kudzaona ndisanapereke kwadi, anagwedeza matayala onse awiri ndi manja, n'kungoti, “Apereke ndani wina? Perekani.”

Kristen wathamanga nayo chilimwe chonse popanda vuto. Dzanja lake silikwera bwino mpaka lero, ndipo zimenezo ndimakhala nazo mumtima. Si makasitomala onse amene anabwerera, koma galaja ndi yotsegula ndipo ntchito ikupezeka yokwanira.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anasunga moyo wa mayi uja, ndiponso ananditumizira mphunzitsi pamaliro, munthu wa chipembedzo china yemwe sindinkamudziwa. Ndikuthokozanso Ethel chifukwa chondikankha. Inu amene mwagwa chifukwa cha kulakwa kwanu komwe, musadzitsekere m'nyumba monga ndinachitira ine. Pitani mukanene zoona, pempherani ngakhale mawu akhale ochepa, ndipo wokuthandizani akafika mulole kuphunzitsidwa. Ambuye akusungeni nonse.