Nyemba za ku Poloti 112

Pa siteji ya basi pa Chitipa, mayi wina wa ku Chisenga ankasoka thumba la nyemba. Bambo wina wa ku Misuku atawerenga zolembedwa pathumbapo, anaima.

"Monire mama. Ku Lilongwe, poloti 112?"

"Yewo dada. Kwa mwana wanga Eunice. Ndimatumiza pabasi mwezi uliwonse."

"Munafikako?"

"Ndipite, munda andilimire ndani?"

"Ine ndinapitako mu Juni. Mwana wanga Lazarus anandipatsa eriya yomweyi, poloti yomweyinso."

"Ndiye kuti amakhala mpanda umodzi."

"Nanenso ndinkatero. Mzinda uja anayamba kuujambula papepala, anthu anabwera pambuyo. Manambala a maeriya satsatana, ndipo ukafunsa munthu potchula bambo ake ngati kwathu kuno, amangokuyang'ana. Wakabaza anazungulira nane mpaka masana."

"Fupikitsani dada, basi inyamuka."

"Tinafika. Msewu wosalala, mapolo a magetsi, zikhomo za manambala. Nyumba yokha ndiyo palibe. Pa 112 pali udzu wofika m'chiuno."

"Nanga nyemba zanga amalandira ndani? Kondakitala amati kudepoti kumabwera mtsikana."

"Nanenso ndikatumiza khofi, kumabwera mnyamata. Mumufunse kondakitalayo ngati mtsikanayo ananenapo yewo."

"Eunice salandira kanthu osagwada."

"Mawu ake munawamva liti?"

"Pa Khirisimasi. Chichokereni apo amangolemba mameseji."

"Lazarus nayenso."

Mayi uja anatolanso singano nabaya thumba kamodzi. Ulusi sanaukoke.