Laputopu ya Malemu Amuna Anga Yayakanso

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndi inu a kwaya kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya? Ayi, ameni ameneyo ndi wa anthu oti sanamwe tiyi. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndipepeseretu, umboni wanga uli ndi ukali pang'ono. Abusa, mukaona ndikusefukira mungondikodola.

Kwa alendo amene simukundidziwa, ine ndine namwino. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ku Mzimba inandibweretsa ndi ntchito ndili mtsikana. Ndinakwatiwa konkuno ndi mwana wa ku Champhira, mlangizi wa zaulimi. Chaka chatha Ambuye anawatenga, ambiri a inu munabwera kudzakhuza maliro. Anandisiyira ana awiri aakazi, wamkulu Tawonga, ndi kamng'ono kake komwe nthawi imeneyo kankangoyamba kuyankhula.

Amuna anga anali ndi matenda amodzi: kujambula. Chimanga chamera, ajambule. Mbuzi yaswa, ajambule. Ine ndikuchapa, chitenje chanyowa, tsitsi lili nyankhalala, iwo foni ili m'mwamba. Ndinkawakalipira kuti, "Bambo a Tawonga, kodi anakulembani ntchito ku wailesi ya kanema?" Iwo ankangoseka, kenako zonsezo n'kukaziika mu laputopu yawo. Foni ija inasowa pamaliro pomwepo, anthu ena amabwera pamaliro ndi manja aatali. Ndiye mawu a amuna anga, kaseko kawo, nkhope yawo ikuyenda, zonse zinatsala malo amodzi okha, mu laputopu muja.

Mwambo wa kuno mukuudziwa. Pakapita nthawi, akuchimuna amakhala pansi kugawa katundu wa malemu. Tinapita ku Champhira. Njinga yamoto inapita, ndinakhala chete. Masuti, nsapato, mpope wopopera mbewu, ndinakhala chete. Koma atanyamula laputopu, mlamu wanga, mng'ono wawo wa malemu, n'kutambasula dzanja, ndinagwada. Ndi Chitumbuka changa chokhotakhotachi ndinati ndapota, chonde, tengani zonse koma iyi yokha, muli mawu a bambo a anawa. Apongozi anga aakazi anati, "Yikhale na ŵana. Adada ŵawo ŵali mwenemumo." Ikhale ndi ana, bambo awo ali momwemo. Nkhani inathera pomwepo. Mumve bwino pamenepa abale: laputopu ija inatsala m'manja mwanga chifukwa cha zimene zinali m'kati mwake.

Tsono mlamu wangayu, dzina sinditchula. Si mlendo kwa ine ayi. Sekondale yonse waphunzira akugona m'nyumba mwanga pa Boma pano. Ndamuchapira yunifolomu ine. Atadwala malungo aakulu ndinamubaya jakisoni ndi manja angawa, ndinamusambitsa ngati khanda. Anzanga kuntchito ndinkawauza kuti uyu ndi mwana wanga wachisamba. Panopa ali kukoleji, akuphunzira za makompyuta.

Pa holide anabwera kunyumba, mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja. Akuti, "Alamu, kusukulu akufuna tiphunzire Linux, ndipo ine makina ndilibe. Mundibwereke laputopu ndiikemo. Windows ya achimwene sindiikhudza. Zikhala ngati nyumba imodzi ya zipinda ziwiri, poyatsa muzingosankha kolowa, mbwenu basi." Ine Linux ndinali ndisanaimvepo, ndinkaganiza kuti ndi mankhwala a chifuwa. Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha: mavidiyo aja? Akuti, "Alamu, ine ndingawononge za achimwene anga?" Ndinamupatsa. Ndinamupatsa ndi chaja yomwe, ndi chikwama chomwe, ndi kamba wa panjira.

Atabwera nayo, nkhope inali yogwa. Anaiika patebulo, n'kudina batani. Sikirini yakuda bii, pakona timawu toyera tachingerezi, takuti makina sakupeza poyambira. Anazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Akuti, "Alamu, hadi disiki yapsa. Nditangofika nayo inakana. Zonse zapita."

Ndinakhala pansi. Ndinafunsa kuti yapsa bwanji. Akuti inali itayamba kale kudwala, chifukwa ana amaizimitsa mwachisawawa, kungokanikiza batani osaitseka bwino. Ananena zimenezi Tawonga ataima pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja. Inde, Tawonga ndi amene ankayatsira mng'ono wake mavidiyo aja Lamlungu tikabwera kutchalitchi, kuti mwana asaiwale mawu a bambo ake.

Abale, kulira kwa ine ndekha ndikanapirira. Koma mwana anasiya kudya. Mwana wosewera uja anangoti zii. Tsiku lina ndikumupesa tsitsi m'mawa, anandifunsa ali chozolika, "Amama, ndine ndafufuta adadi?" Amayi amene muli ndi ana muno, mundiuze, funso limenelo mumaliyankha bwanji? Ndinamuuza kuti ayi mwana wanga, makina amafa okha. Sanandikhulupirire. Anamva yekha bambo ake aang'ono a kukoleji akunena.

Ndinapemphera, koma ndisakunamizeni, mapemphero ake anali a mkangano. Ndinkati Ambuye, munanditengera mwamuna, sindinakuzengeni mlandu. Tsopano ndi mawu ake omwe?

Posakhalitsa mlamu anayamba kuimba foni. "Alamu, m'malo moti ingotola fumbi, nditumizireni. Ndisakasaka disiki ina, mwina indithandiza kusukulu." Kumudzinso anali atakanena kale. Uthenga unabwera kuchokera kwa apongozi kuti ngati m'kati mulibe kanthu, apatseni anyamatawo. Nanga ndikanakana ndi chifukwa chanji? Chifukwa changa chinali chitapsa. Ndinailongedza m'chikwama, ndinapita nayo kuntchito kuti ndikaweruka ndikaipereke kwa kondakitala wa minibasi.

Apa ndi pamene Mulungu analowererapo. ANyaGondwe, imikani dzanja anthu akuoneni. Musachite manyazi, ndi awo avala duku lobiriwirawo. Mayi awa ndi amene amayang'anira makompyuta kuntchito kwathu. Pa nthawi ya nkhomaliro anaona chikwama pansi pa tebulo langa, akuti, "Asisita, mwayamba sukulu?" Ndinawafotokozera, misozi ili chuchuchu. Akuti, "Wanena kuti yapsa ndani? Tabwerani nayo kuno."

Anaiyatsa, anawerenga timawu tija. Anatulutsa fulashi yawo m'dirowa, kuibaya pambali, n'kuyatsira makinawo kuchokera pa fulashipo. Patapita kanthawi ananditembenuzira sikirini. Akuti, "Foda iyi yolembedwa kuti Banja mukuidziwa?" Abale, ndinagwira tebulo. Akuti, "Disiki yakufa sionetsa mafoda. Iyi ndi yamoyo kuposa ine."

Ndiye vuto linali pati? Anachotsa fulashi, kuzimitsa, kuyatsanso uku akugogoda batani la F2 ngati akuitana nkhuku. Panatuluka tsamba limene sindinalionepo chibadwire. Akuti iyi ndi BIOS, mlonda wa pageti, ndi amene amadzuka koyamba n'kuuza makina khomo lolowera. Anandionetsa mzere wina. Pali mawu awiri oti munthu asankhepo, UEFI ndi Legacy, matanthauzo ake musandifunse. Akuti Windows ya malemu inaikidwa mwa UEFI, Linux ija nayonso mwa UEFI, koma apa pasankhidwa Legacy. Mlonda akufunafuna khomo lachikale loti m'nyumba muno mulibe, ndiye akubwerera n'kumati sindikupeza kanthu. Anasintha mzere uja, anadina F10, makina anazima okha n'kudzukanso.

Mukuganiza kuti panatuluka nkhope ya amuna anga? Ayi. Panatuluka nkhope ya mlamu wanga. Sikirini yonse, wavala magalasi akuda, akumwetulira, zala ziwiri m'mwamba. Makina analowa ku chipinda chake cha Linux, ndipo chinali chipinda choti munthu wagonamo kale: chithunzi chake, nyimbo zake, ntchito zake za kusukulu. Makina amene akuti anakana atangofika nawo!

Ndinafunsa aNyaGondwe kuti kodi mzere uja ungasinthe wokha. Mayi awa ndi osamala pakamwa. Akuti, "Asisita, mumtima mwa munthu ine sindingalowemo. Koma apa panadutsa chala."

Anabwereranso ku BIOS kuja, pa mndandanda wa zoyambira anakweza Windows kuti ikhale pamwamba. Kuyatsa. Kabwalo kaja kanazungulira, kanazungulira. Kenako pa sikirini amuna anga, ataima m'munda wa soya, chipewa chawo chong'ambika chija. Ndinalira mokweza mpaka odwala kukhonde anaganiza kuti kwachitika maliro.

Ndinatuluka panja n'kumuimbira. Sindinakalipe. Ndinangoti, "Alamu, laputopu yayaka." Kenako ndinati, "Legacy ndi chiyani?" Ndinkadikira kuti anene kuti pepani, ndinalakwitsa, ndinachita mantha. Akanangotero ndikanamukhulupirira, Mulungu ndi mboni, chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Koma akuti, "Nanga inuyo alamu laputopu mumachita nayo chiyani? Kungoonera mavidiyo basi. Ine ndikanaphunzirira. Anali achimwene anga inu musanabwere."

Abale, apa ndi pamene ndinazindikira. Ndiye kuti anamva bwino zimene apongozi ananena tsiku logawa katundu lija. Anadziwa kuti laputopu ili kwa ine chifukwa cha zam'kati, ndiye anangotseka chitseko n'kundiuza kuti nyumba yapsa. Ndikanaitumiza madzulo amenewo akanaifomata n'kufufuta zonse, zikanapitadi. Ndipo kuti bodza lake liime, analiimika pamutu pa mwana wa mchimwene wake. Akanandipempha, kodi ndikanamumana? Tikanasamutsa mavidiyo aja, iye n'kutenga makinawo. Munthu ndinamudyetsa ine! Munthu ndinamusambitsa ine!

Nditabwerera mu ofesi, aNyaGondwe anali atayamba kale kukopera zonse mu fulashi, akuti chinthu chamtengo sichikhala malo amodzi. Anandifunsa ngati tifufute mbali ya mlamu. Ntchito zake zonse za kusukulu zinali momwemo. Ndinayang'ana batani lofufutira nthawi yaitali, Satana ataima pambali panga, wavala bwinobwino. Ndinati ayi, zisiyeni, koma musaganize kuti ndinanena ndi mtima woyera. Mano anali gwa.

Kunyumba ndinaitana Tawonga, ndinamuuza kuti ayatse yekha. Anakana, manja anabisa kumbuyo. Ndinagwira chala chake, tinadina limodzi. Atamva mawu a bambo ake sanalire, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye si ine?" Ndinati si iwe mwana wanga, sunalakwe kalikonse. Madzulo amenewo anadya mpaka kupempha zoonjezera.

Loweruka ndinachaja batire kudzaza, tinakwera minibasi ndi ana kupita ku Champhira. Sindinapite kukazenga mlandu. Ndinakhala pakhonde ndi apongozi, ndinaika laputopu pampando, n'kutsegula vidiyo yoyamba imene dzanja linagwera. Inali ya pakhomo pomwepo, amuna anga akuthamangitsa tambala woti aphere alendo, akugwa, akudzuka, akukuwa kuti, "Amama, jalani chijaro!" kuti atseke chitseko. Ndipo wojambulayo akumveka akuseka mpaka foni kugwedezeka. Kuseka kumeneko tonse tinakuzindikira. Wojambulayo anali mlamu yemweyo. Ankadziwa bwino lomwe chimene ankati atikwirire.

Iye anali pomwepo, ataima patali pafupi ndi khola, sanasendere. Apongozi sanamuyang'ane, sanandifunsenso kuti zatheka bwanji. Anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, anagwira ndi chala pamene panali mwana wawo. Vidiyo itatha anati, "Werezganiso." Ndinabwereza. "Werezganiso." Tinabwereza mpaka batire inatha.

Abusa, ndikudziwa mukufuna kumva kuti ndakhululuka. Pa guwa pano sindinganame. Sindinafikepo. Ndikadali ndi mkwiyo. Iye mpaka lero sanapepese. Mundipempherere, mumupemphererenso iyeyo, chifukwa ndi bambo wamng'ono wa ana anga ndipo adzakhala choncho mpaka kalekale.

Koma chimene Mulungu wandichitira sindingachibise. Chikwama chinali kale pansi pa tebulo, minibasi inali pa siteji, Iye n'kutuma munthu wake kuti afunse funso. Zikomo Yesu. Zikomo aNyaGondwe, yewo chomene, Ambuye akuonjezereni nzeru. Kamwana kanga kakang'ono kaja dzana kanaloza sikirini n'kunena kuti "adadi", ndipo Tawonga ndi uyo wakhala kutsogoloyo, akuseka, masaya abwerera.

Ndiye musandisiye ndisangalale ndekha. Amayi, nthungululu zili kuti? Abambo, m'manja! A kwaya, imirirani mutithandize, ana anga akumvanso mawu a bambo awo. Aleluya!