Matenda Oiwala a Amuna Anga

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale mphamvu zoimirira pano ndilibe.

Amuna anga ambiri mukuwadziwa. Anali kapitawo ku esiteti, munthu wosunga pamtima mayina a othyola tiyi onse. Atapuma ntchito anayamba kuiwala. Poyamba chipewa, kenako njira yochokera ku Luchenza. Tsiku lina ndinawapeza pakati pa munda wa tiyi, akuitana mayina a anthu amene tinawaika kalekale. Atandiona anati, "Mayi, mukufuna ndani?" Zaka makumi atatu tili pa banja, abale anga.

Ndinatopa. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwasaka m'misewu, kwinaku dengu la tiyi likundidikira. Ndinatopa ndithu. Kutchalitchi kuno ndinasiya kubwera, amayi anzanga ndinu mboni.

Kenako kunabwera alamu anga, akulu awo a ku Nsabwe. Anati, "Mwamudyetsa chiyani m'bale wathu? Longedzani muzipita." Kundichotsa m'nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa.

Ndinati, "Ndisanachoke, tiyeni nawo kuchipatala, mukamve nokha."

Adokotala anawafunsa amuna anga tsiku, anawafunsa dzina langa, osayankha. Ndiye anatiuza kuti palibe anawalodza, ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena. Ndinafunsa ngati pali jakisoni. Anati kunja akatswiri akuyesa kupanga katemera wobaya amene adwala kale, koma sanamalize. Ndinati, "Alembeni dzina, akafika ayambire iwo." Anapukusa mutu. "Mayi, palibe polemba. Mwina bambowa sadzamuona."

Titatsika minibasi pobwerera, alamu anga anandisiya m'nyumba mwanga, napita kwawo ku Nsabwe.

Sindikunamizani, amuna anga sanachire. Katemerayo ndimamupempherera, kuti ana athu adzamupeze. Koma dzulo masana alamu aja anafika ndi kachikwama ka zovala. Anakhala pansi, nati, "Alamu, ndinakulakwirani. Mawa pitani mukapemphere, ine nditsala naye."

Pamene ndimatuluka m'mawa uno, anali pakhonde, akuwameta ndevu mng'ono wawo.

Zikomo Yesu, simunandisiye ndekha. Abale, sangalalani nane. Yambitsani nyimbo inuyo, ine ndikhaleko pansi pang'ono.