Mbiri ya Mayi Thora Harcus, Amene Anakulira M'nyumba

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1957 kuno pachilumba cha Westray, m'banja la bambo ndi mayi Drever. Anabadwa mapasa, ndipo mnzawoyo ndine, Inga. Iwo ndiwo anatsogola, ine ndinatsatira patapita mphindi khumi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwatsatira m'mbuyo.

Mu 1961, tsiku lina lodula udzu wa ng'ombe, khungu lawo loyeralo linapsa ndi dzuwa mpaka kutuluka matuza. Amayi analumbira kuti sizidzachitikanso. Dzuwa la kuno mukulidziwa, limabwera ngati mlendo wofulumira, koma likangotuluka amayi ankawalowetsa m'nyumba. Ankaphunzira kuluka ndi kuimba limba pafupi ndi amayi, ine ndili kubusa ndi abambo, milomo itang'ambika ndi mphepo. Ndikadandaula, amayi ankati ndine wolimba. Ndinena mosapsatira, ndinkawachitira nsanje.

Mu 1969 tinapita kusukulu ku Kirkwall. Mphoto zinali zawo. Mu 1979 anayamba uphunzitsi, ndipo pa 8 Ogasiti 1981 anakwatiwa ndi bambo Erlend Harcus. Akuluakulu muli panowa mukukumbukira amene bambowa anayamba kuvina naye. Ine sindinena.

Mu 1988 diso lawo lamanzere linayamba kuchita chifunga, kenako miyendo kuchita dzanzi. Madokotala anapeza multiple sclerosis, matenda owononga mitsempha ya muubongo ndi mumsana, amene pazilumba zathu zino si achilendo. Mu 1996 anasiya ntchito n'kuyamba kuyendera njinga ya olumala.

Mu 2003 ofufuza anatifunsa, monga mapasa, za ubwana wathu, makamaka nthawi imene aliyense ankakhala padzuwa. Anatiuza kuti mwana wowothera dzuwa akuoneka kuti amatetezekako, ngakhale kuti zoyambitsa matendawa n'zambiri. Atachoka, malemu anaseka mpaka misozi. Anati, "Iwe Inga, ndi kulira konse kuja, kani unkamwa mankhwala wekha osandigawira! Bweretsa miyendoyo, utenge limbalo." Ndinazindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nawonso anali ndi nsanje yawo, ankangoibisa bwino kuposa ine.

Amayi atamva zimene ofufuza aja ananena, anasamukira kwa malemu n'kumawasamalira mpaka pamene amayiwo anamwalira mu 2009. Asanatsirizike anatilamula kuti malo oyandikana ndi manda awo tisungire malemu, poti anati anawalakwira. Ndinadikira kuti anenepo kanthu za ine. Anangondigwira dzanja n'kundiuza kuti ndikatseke khola.

Malemu atisiya pa 3 Febuluwale 2024 atadwala chibayo kwa milungu iwiri. Asiya amuna awo, ana awiri, Sigurd ndi Freda, zidzukulu zitatu, ndi ine. Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, abusa, amayi amene aphika, ndi bambo Erlend, amene anawanyamula m'manja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu osadandaula. Nazonso ndinkaziona, ndipo mtima unkandiwawa.

Posachedwa tikawagoneka pambali pa amayi. Malowo ndinkawafuna ine, koma atenge. Kwa zaka 66 ndakhala ndi womuchitira nsanje, ndipo m'mawa uno ndadzuka ndilibe. Sindinkadziwa kuti kumeneko ndiye kuwawa kwenikweni.

Mzimu wa mchemwali wanga uuse mumtendere.