Chiliza cha Nachisale

Moni abale mwa Ambuye. Mpaka lero ndimamvabe kulira kwa kachitseko ka makalata m'nyumba yathu ku Bolton, kuno kudziko la eni, kenako masilipasi a mkazi wanga Nachisale akukwekwereza kupita kukhomo. Makalata onse ankatsegula ndi iwo. Anali namwino wopuma pantchito, ndipo penshoni yawo inkadulidwa msonkho. Yanga ya ulonda inali yochepa, yosafika podulidwa.

Atamwalira tinakawaika kwawo ku Dedza, ndipo ulendo wa malirowo unatha zonse tinasunga. Chaka chinadutsa manda ali dothi lokhalokha. Alamu anga ankafunsa za chiliza, ine ndinkangoti tiona. Ndine wamasiye, ndinaleredwa ndi agogo amene sankapempha ngakhale mchere, choncho kumpingo sindinauze munthu. Ndinkangopemphera kuti Ambuye, mkazi uja asagone ngati alibe wake.

Mayi Tembo a ku Zambia, amene amasamalira okalamba, anabwera kudzandithandiza mulu wa makalata. Anandifotokozera kuti m'banja lovomerezeka ndi lamulo, amene ndalama zake sizifika podulidwa msonkho angapereke kwa mnzake gawo lina la malire ake a ndalama zosadulidwa msonkho, kuti msonkho wa mnzakeyo uchepe, bola mnzakeyo akhale wolipira msonkho wamba, osati wapamwamba. Anati penshoni siletsa, imfa siletsa, ndipo boma limabweza za zaka zingapo zam'mbuyo.

Ndinakana. Ndili mwana ndinaona achibale akunyamula mipando ya bambo anga maliro asanathe, ndipo ndinalumbira kuti sindidzadyera dzina la wakufa.

"Koma achimwene," anatero Mayi Tembo, "simukutenga kanthu kwa akazi anu. Gawolo ndi lanu, ndinu mukuwapatsa."

Ndinaona kuti akunena zoona. M'mawa mwake ndinaimba foni ku ofesi ya msonkho. Atafunsa ngati tinali okwatirana, ndinatchula tsiku la ukwati wathu. Ndalama zinabwera m'dzina la Nachisale, ndipo zinakwanira mwala ndi simenti.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosalankhula. Inu muli pa penshoni, funsani mukadali awiri, ndipo musafooke.

Ine kumwambo wa chiliza sindinathe kupita. Dzulo a Banda, namwino wa kumpingo kwathu amene angobwera kumene kuchokera kumudzi, anagogoda atavala kale yunifomu ya kuntchito.

"Alamu anu akuti muone nokha ngati dzina alemba bwino."

Anandipatsa envelopu ya chithunzi cha chiliza, n'kuthamangira basi.