Magalasi anga anabwerera ku Joni

Moni omvera nonse. Ndine mtsikana wa giredi 12 kuno ku Vubwi. Sindiona bwino pa bolodi, ndiye achimwene anga ku Joni ananditumizira magalasi kudzera pa kampani yonyamula katundu, ija imadzitama kuti inayamba ndi kagalimoto kamodzi koma lero ili ndi ndege zake.

Magalasiwo atafika ku Chipata, mayi wina wa kukampaniko anandiimbira. "Nambala ya nyumba ndi dzina la msewu?"

"Amayi, kwathu n'kuseri kwa chigayo, mukangodutsa depoti ya thonje."

Anaseka. "Mwana iwe, chigayo si adiresi."

Ndisanapeze mpata wokawatenga ndekha, anawabweza. Mayeso ndilemba mphuno itagunda pepala, ndipo ndikhoza basi. Koma inu a ndege, mumati mumafika dziko lonse, chigayo chokha chakukanikani!